Matumba Awiri pa Ulendo wa Pakavalo: Lina la Wokwera, Lina la Chiweto

Dziko la Lesotho lonse lili pamwamba pa mapiri. Malo ake otsikitsitsa ali pa mamita pafupifupi 1,400 pamwamba pa nyanja yaikulu yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Thabana Ntlenyana imafika mamita 3,482. M'madera a Thaba-Tseka, Mokhotlong ndi Semonkong mudakali midzi imene galimoto siifika, ndipo kumeneko kavalo ndiye njinga, ndiye ngolo, nthawi zina ndiyenso ambulansi. Mlangizi wa zaulimi wopita kukaona munda wa tirigu kapena wa mbatatesi, mlangizi wa ziweto wokayendera alimi a nkhosa za ubweya, ndiponso mlendo wochokera kunja amene wabwereka kavalo ku Malealea kapena ku Semonkong kuti akaone mathithi a Maletsunyane, otalika mamita 192, onsewa amadutsa m'tinjira timodzimodzi ta miyala, kumbali kuno phiri, kumbali uko phompho.

Pa ulendo wotere chipatala chimakhala kutali, dokotala wa ziweto kutali kuposa apo. Tsoka likagwa, thandizo loyamba limachokera m'zinthu zimene munthu wanyamula ndi m'nzeru zimene zili m'mutu mwake. Komabe pokonzekera ulendo, kawirikawiri chimene chimakumbukiridwa ndi kamba, mabuku a malipoti ndi mbewu zachitsanzo. Bandeji amakumbukiridwa magazi atayamba kale kutuluka.

Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti palibe wogwira ntchito ya ulangizi amene ayenera kutumizidwa pa ulendo wa pakavalo wopanda zipangizo za chithandizo choyamba. Kuti zipangizozo zikhale m'matumba awiri, lina pathupi pa wokwera, lina pachishalo. Ndiponso kuti m'matumbamo mukhale zinthu zosunga moyo kufikira thandizo litapezeka, osati mankhwala osandutsa mlangizi kukhala dokotala.

Chifukwa chake matumba akhale awiri

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kavalo akadzidzimuka ndi kugwetsa munthu, nthawi zambiri saima kuti adikire. Amathawa, kawirikawiri kulunjika kwao, ndipo zonse zimene zamangidwa pachishalo amapita nazo. Wokwera amene anaika bandeji, foni ndi machesi m'thumba la pachishalo amatsala pansi ali chimanjamanja pa nthawi imene zinthuzo zikufunika koposa. Motero zonse zokhudza moyo wa munthu ziyenera kukhala m'kathumba ka m'chiuno kapena m'matumba a jekete. Kathumbako kasakhale ndi zinthu zolimba kapena zosongoka kumbali ya msana, poti munthu akagwa chagada zinthu zomwezo zikhoza kumuvulaza.

Zipangizo za kavalo ndi zazikulu ndi zolemera, choncho malo ake ndi pachishalo. Zipakidwe mofanana kulemera mbali zonse ziwiri, chifukwa katundu wopendekera mbali imodzi amakhuza msana wa chiweto ndi kuyambitsa chilonda chomwecho chimene thumbalo linatengedwera. Ngati anthu akuyenda m'gulu, thumba la akavalo likhale ndi amene ali pambuyo pa onse, pakuti iyeyo ndiye amapeza wovulala panjira popanda kubwerera.

Za m'thumba la wokwera

Ngozi imene imapha okwera pakavalo kuposa zina zonse ndi kuvulala m'mutu. Pachifukwa ichi chipangizo choyamba sichikhala m'thumba konse ayi, koma pamutu: chipewa cholimba chokhala ndi lamba wa pachibwano. Chipewa chaudzu chimateteza ku dzuwa lokha. Munthu amene wagwa ndi kukomoka, ngakhale kwa kanthawi kochepa, kapena amene akusanza, kusokonezeka, kapena kuiwala zimene zachitika, asakwerenso kavalo tsiku limenelo, asasiyidwe yekha, ndipo aonedwe kuchipatala. Amene akumva kuwawa m'khosi kapena kumsana, kapena amene manja ndi miyendo yachita dzanzi, asadzutsidwe ndipo asanyamulidwe pokhapokha pamene wagonapo pali ngozi ina. Mutu wake ugwiridwe kuti usagwedezeke, afunditsidwe, ndipo wina akaitane thandizo.

M'kathumba ka m'chiuno muyenera kukhala izi:

1. Magolovesi a mphira, mapeyala awiri.
2. Nsalu zoyera za pachilonda zosatsegula, ndi mapadi a amayi awiri, amene amamwa magazi bwino ndipo amapezeka m'sitolo iliyonse.
3. Mabandeji otamuka awiri, ndi nsalu imodzi ya ngodya zitatu yokolekera mkono.
4. Pulasitala ndi tepi yomata.
5. Mapiritsi a panado.
6. Timapaketi ta mchere ndi shuga tobwezera madzi m'thupi.
7. Bulangeti lopyapyala lonyezimira lija losunga kutentha kwa thupi, limene likapindidwa limakwana m'dzanja.
8. Wenzulo, tochi yaing'ono, machesi okulungidwa m'pulasitiki, kampeni kopinda ndi foni yodzaza moto.
9. Kapepala kolembedwa dzina la wokwera, matenda amene ali nawo, mankhwala amene samuyanja, ndi manambala a chipatala, a dokotala wa ziweto ndi a ofesi yake.
10. Mankhwala ake a tsiku ndi tsiku, ngati ali ndi mphumu, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, okwanira masiku awiri oonjezera.

Nsalu ya ngodya zitatu ili pamndandandawu chifukwa munthu akamagwa amatsogoza dzanja, ndipo mafupa othyoka kawirikawiri ndi a pamkono ndi fupa la pakati pa khosi ndi phewa. Panado wasankhidwa m'malo mwa asipirini chifukwa asipirini amachedwetsa kuundana kwa magazi, chinthu choopsa kwa munthu amene wamenyetsa mutu. Timapaketi ta mchere tikasowa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino zimagwira ntchito yomweyo.

Magazi akamatuluka kwambiri, mankhwala ake ndi kukanikiza: nsalu pachilonda, dzanja pamwamba, kwa mphindi zosachepera 10 popanda kusuzumira. Nsalu ikanyowa siichotsedwa, ina imasanjikizidwa pamwamba pake.

M'mapiri a Lesotho kuzizira nakonso ndi mdani. M'miyezi ya June, July ndi August kumagwa chipale chofewa, ndipo ngakhale m'dzinja mphepo ya usiku imalowa m'mafupa. Munthu wovulala wogona panthaka amazizidwa msanga, choncho chofunda chiyalidwe pansi pake, osati pamwamba pokha. Bulangeti laubweya limene Abasotho amavala pakavalo ndi chipangizo cha chithandizo choyamba chimene anachidziwa kalekale. M'nyengo ya mvula mphenzi zimachuluka pazitunda. Mabingu akayamba, wokwera atsike pakavalo ndi kuchoka pamsonga. Munthu amene waombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi: akhoza kugwiridwa nthawi yomweyo, ndipo ngati sakupuma, kumukanikiza pachifuwa ndi kumupumira mpweya kungathe kubweza moyo wake.

Za njoka, thumba lilibe mankhwala. Mphiri ikaluma munthu, pamalopo pasatemedwe, pasayamwidwe, ndipo mwendo usamangidwe ndi chingwe chothina, poti ululu wa mphiri umaononga mnofu ndipo kumanga kumangoonjezera chionongekocho. Mphete ndi nsapato zivulidwe kutupa kusanakule, chiwalo chisagwedezeke, ndipo wolumidwayo apite naye kuchipatala mwamsanga. Njoka yolavula ikalavulira m'maso, masowo atsukidwe ndi madzi ambiri. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kulumidwa ndi njoka pamndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha m'chaka cha 2017, ndipo ambiri olumidwa ndi anthu a kumunda ndi kubusa, omwewo amene alangizi amagwira nawo ntchito.

Za m'thumba la kavalo

Mavuto a kavalo panjira amakhala a mitundu yochepa yodziwika: mwala kapena msomali m'chiboda, bala la waya kapena la mwala pamwendo, zilonda za chishalo ndi za lamba wa pamimba, kutopa ndi kutentha, ndi kupotokola kwa m'mimba. Thumba lipakidwe poganizira zimenezi:

1. Kachitsulo kokolowolera ziboda.
2. Chopimira kutentha kwa thupi, chomangidwa kachingwe.
3. Mpukutu wa thonje, nsalu za pachilonda zazikulu, ndi mabandeji otamuka atatu.
4. Matewera a ana awiri, tepi yolimba, ndi chiguduli kapena chidutswa cha chubu cha galimoto, zokulungira chiboda.
5. Mchere wa m'nyumba, botolo la ayodini, ndi sirinji yaikulu yopanda singano yotsukira mabala.
6. Mafuta a Vaseline.
7. Sizasi, ndi pulayala yotha kudula waya ndi kuzula msomali.
8. Zidutswa ziwiri za paipi yofewa yothirira madzi, chilichonse chotalika masentimita 15.
9. Chingwe chapadera, ndi ndowa yopinda yansalu kapena chigubu chodula.

Kavalo wolemera makilogalamu 400 ali ndi magazi pafupifupi malita 30, motero dziwe la magazi limene limaopsa munthu woona silitanthauza kuti chiweto chikufa. Chofunika ndi kudekha ndi kukanikiza monga momwe achitira ndi munthu. Magazi akaleka, bala litsukidwe ndi madzi a mchere: magalamu 9 mu lita imodzi ya madzi oyera, ndiye kuti supuni yaing'ono imodzi mu theka la lita. Ayodini asungunulidwe kufikira ataoneka ngati tiyi wosapsa, chifukwa wosasungunula amaotcha mnofu umene ukufunika kuti bala lipole. Pomanga mwendo wa kavalo, thonje lochindikala liyambe, bandeji abwere pamwamba. Bandeji womangidwa pakhungu lenileni ndi kuthinitsa amaononga mitsempha ya mwendo, ndipo kavalo angathe kulumala ndi bandejiyo, bala litapola.

Bala laling'ono pamfundo ya mwendo ndi loopsa kuposa bala lalikulu pantchafu. Ngati pabala la pamfundo pakutuluka timadzi tachikasu tonanda, ndiye kuti mfundoyo yabooka, ndipo mpofunika dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso msomali wolowa pakati pa chiboda. Kumene dokotala ali pafupi, bwino kuusiya kuti iye aone mmene walowera; koma kumapiri, kumene kavalo ayenera kuyendabe ndipo akhoza kuukhomerera mkati, msomali uzulidwe, pamalopo paikidwe chizindikiro, kuzama kwake kukumbukiridwe, msomaliwo usungidwe kuti dokotala akauone, ndipo chiboda chitsukidwe ndi kukulungidwa ndi thewera, tepi ndi chiguduli. Wokwera ayende pansi.

Zidutswa za paipi zili ndi ntchito imodzi yokha. Kavalo amapuma ndi mphuno zokha, sangathe kupumira m'kamwa. Njoka ikamuluma pamphuno pamene akudya msipu, kutupa kungathe kutseka njira ya mpweya. Paipi yopakidwa Vaseline ikalowetsedwa mosamala m'mphuno kutupa kusanatseke, chiweto chimapumabe kufikira thandizo litafika.

Kavalo amamwa malita 20 mpaka 40 a madzi patsiku, ndipo pa ntchito yolemetsa m'nyengo yotentha amafuna ochulukirapo. Amene watenthedwa kwambiri achotsedwe chishalo, aimikidwe pamthunzi ndi kuthiridwa madzi ozizira ambiri thupi lonse. Kale anthu ankaopa kuti madzi ozizira amaumitsa minofu ya kavalo wotuluka thukuta, koma kafukufuku amene anachitika pokonzekera masewera a Olympic a ku Atlanta a 1996 anaonetsa kuti kuthira madzi ozizira ndiyo njira yachangu ndi yosaopsa.

Chopimira kutentha ndicho chipangizo chachikulu

Mwa zonse za m'thumba, chotsika mtengo koma chaphindu koposa ndi chopimira kutentha, pamodzi ndi kapepala ka manambala awa. Kavalo wamkulu wathanzi, atapumula, thupi lake limatentha madigiri 37.5 mpaka 38.5, mtima umagunda ka 28 mpaka ka 44 pamphindi, ndipo kugundako kumamveka pamtsempha wa kunsi kwa nsagwada, amapuma ka 8 mpaka ka 16 pamphindi. Nkhama zake zimakhala zofiirira pang'ono ndi zonyowa, ndipo zikakanikizidwa ndi chala mtundu umabwerera masekondi 2 asanathe. Mlangizi wotha kutchula manambala amenewa pafoni wathandiza dokotala kuposa amene angoti kavalo wafooka.

Kufunika kwa chopimirachi kumaonekera bwino pa mliri wa akavalo wa mu Africa, umene Angerezi amautcha African horse sickness. Nthendayi imayamba ndi kachilombo ka mitundu 9 kamene kamafalitsidwa ndi tintchentche ting'onoting'ono toluma totchedwa Culicoides, timene timachuluka mvula ikagwa ndipo timaluma kwambiri madzulo ndi m'bandakucha. Mwa akavalo opanda katemera amene adwala, 70 mpaka 95 pa 100 alionse amafa. Nyulu zimafa pafupifupi theka, pamene abulu ndi mbidzi kawirikawiri saonetsa kudwala kwenikweni. M'zaka za 1854 ndi 1855 mliriwu unapha akavalo pafupifupi 70,000 m'dera la Cape, ndipo m'chaka cha 2020 unabuka ku Thailand, kutali ndi kwao. Zizindikiro zodziwika ndi kutupa pamwamba pa maso, kupuma movutika ndi thovu lotuluka m'mphuno, koma zonsezi zisanaoneke thupi limayamba latentha kufika madigiri 40 kapena kuposa. Kavalo wotere akakwezedwa phiri, mwayi wake wochira umachepa kwambiri. Palibe mankhwala opha kachilomboka. Chimene chilipo ndi katemera wopangidwa ku Onderstepoort ku South Africa, kutsekera akavalo m'khola kuyambira dzuwa lisanalowe kufikira litakwera, ndi kupumitsa wodwala. Choncho lamulo likhale lakuti kavalo apimidwe m'mawa uliwonse chishalo chisanaikidwe, ndipo wopitirira madigiri 38.5 asanyamuke.

Katemera wina wosayenera kuiwalika ndi wa kafumbata. Tizilombo take timakhala m'nthaka ndi m'ndowe, timakonda mabala akuya a msomali ndi a waya, ndipo kavalo ali m'gulu la ziweto zimene nthendayi imagwira mosavuta. Wokwera nayenso aonetsetse kuti katemera wake wa kafumbata sanathe mphamvu.

Zosayenera kulowa m'thumba

Pali chizolowezi choganiza kuti thumba labwino ndi lodzaza ndi majekeseni. Maganizo amenewa ndi olakwika. Mankhwala opha ululu a akavalo, monga phenylbutazone ndi flunixin, amabisa zizindikiro: kavalo wovulala mwendo amaoneka ngati wachira, amakweredwanso, ndipo chovulala chaching'ono chimasanduka chilema. Mankhwalawa aperekedwe pokhapokha dokotala wa ziweto atalamula, ndipo phenylbutazone wa ziweto munthu asamwe ngakhale ululu utakula chotani. Majekeseni opha tizilombo obayidwa kamodzi panjira sachiza bala. Amangozoloweretsa tizilombo kupirira mankhwala, vuto limene likuvutitsa kale zipatala za anthu ndi za ziweto.

Alangizi ambiri a m'chigawo chino anaphunzira za ng'ombe, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Kavalo si ng'ombe. Mankhwala a m'dibi okhala ndi amitraz, amene amapha nkhupakupa pang'ombe bwinobwino, amaimitsa matumbo a kavalo ndipo angathe kumupha. Monensin, amene amasakanizidwa m'zakudya zina za ng'ombe ndi za nkhuku, amaononga mtima wa kavalo ngakhale atadya pang'ono. Oilo wakutha wa galimoto, asidi wa batire ndi mankhwala otsukira zimbudzi, zimene ena amapaka pazilonda za abulu, zimapsereza mnofu ndi kuchedwetsa kupola. Safunsa anadya phula: chizindikiro cha pabotolo chiwerengedwe, ndipo ngati kavalo sanatchulidwepo, botololo litsale.

Ngozi yochokera m'chakudya

Kavalo satha kusanza. Chimene chalowa m'mimba mwake chiyenera kudutsa njira yonse, n'chifukwa chake kupotokola kwa m'mimba kumapha akavalo ochuluka. Wodwala amapalasa pansi, amayang'ana kumimba, amagona ndi kudzuka, amagubuduzika ndi kutuluka thukuta. Chithandizo choyamba ndi kuchotsa chakudya, kuvula chishalo, kumuyendetsa pang'onopang'ono pamalo athyathyathya kutali ndi phompho, ndi kuwerenga kugunda kwa mtima. Kukapitirira ka 60 pamphindi, vutolo ndi lalikulu. Kumumwetsa mafuta kapena mowa ndi botolo n'koopsa, poti zamadzizo zimatha kulowa m'mapapo.

Apa sayansi ya mbewu ili ndi mawu, chifukwa matenda ambiri a panjira amayambira m'nkhokwe ndi m'munda. Chimanga cha chuku, chimene pakhomo chimapatulidwa kuti ndi cha ziweto, chimakhala ndi nkhungu yotchedwa Fusarium verticillioides, imene kale inkatchedwa Fusarium moniliforme. Poizoni wake, fumonisin, anatulukiridwa ndi akatswiri a ku South Africa m'chaka cha 1988, ndipo mwa ziweto zonse kavalo ndiye sachedwa kugwidwa naye: ubongo wake umafewa, amayenda dzandidzandi, amachita khungu, ndipo zizindikiro zikaoneka kawirikawiri kuchira kulibe. Mlingo umene akatswiri amalangiza pa chimanga chodyetsa akavalo ndi wosapitirira magawo 5 pa miliyoni. Mlangizi wofika pamudzi madzulo, amene mwini nyumba mwaulemu wapatsa kavalo wake madeya kapena chimanga choola, ayenera kudziwa kukana mwaulemu womwewo. Ndi bwino kunyamula chakudya chochepa chimene kavalo anazolowera, pakuti ngakhale chakudya chabwino chikasinthidwa mwadzidzidzi chimayambitsa kupotokola.

Msipu nawonso uli ndi adani ake. Zomera zina za mtundu wa Senecio, za maluwa achikasu, zimene zimachuluka pamalo odyetsedwa mopitirira muyeso, zimaononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo alimi a ku South Africa amatcha nthendayo dunsiekte, kutanthauza kuonda. Mitundu ina ya Crotalaria, monga Crotalaria dura, imaononga mapapo a akavalo. Njere za Datura zosakanikirana ndi udzu wouma kapena ndi chimanga zimaimitsa matumbo. Palibe bandeji wochiza zimenezi. Chithandizo chake ndi maso a munthu wodziwa zomera, amene amayang'ana pamalo asanamangirire kavalo wanjala usiku wonse. Mlangizi wa mbewu ali ndi luso limeneli kale. Chotsala n'kuligwiritsa ntchito pa chiweto chimene chamunyamula.

Zimene otsutsa anganene

Ena adzati Abasotho akhala akukwera akavalo kuyambira masiku a mfumu Moshoeshoe woyamba, zaka pafupifupi 200 zapitazo, popanda matumba otere. N'zoona, ndipo mlangizi wanzeru amamvera mwini kavalo pa za njira, za nyengo ndi za khalidwe la chiweto. Kavalo wa Chisotho ndi wopirira ndi wosaterereka pamiyala, n'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1970 boma la Lesotho, mothandizidwa ndi dziko la Ireland, linakhazikitsa ntchito yoteteza ndi kutukula mtunduwu ku Thaba-Tseka. Koma luso la mwini kavalo silikhala m'thupi la mlangizi amene wakulira m'tauni ndipo wakwera kavalo kachitatu m'moyo wake. Ndiponso waya waminga, amitraz ndi chakudya cha nkhuku cha m'sitolo ndi zinthu zimene okwera akale sanakumane nazo.

Ena adzati ndalama palibe. Koma pamndandanda uli pamwambawu mulibe chinthu chochokera kutali: mchere, thonje, matewera, chiguduli, paipi, pulayala. Zodulirapo ndi chipewa cholimba ndi chopimira kutentha, ndipo zonsezi pamodzi sizifika pa mtengo wa kavalo mmodzi. Tsono kavalo amene mlangizi amakwera nthawi zambiri ndi wobwereka kwa mlimi. Akafera panjira kapena akabwerera wolumala, banja lataya thandizo lake lopitira kuchigayo ndi kuchipatala, ndipo ofesi ya ulangizi yataya chikhulupiriro cha mudzi wonse. Madzi akatayika saoleka.

Kutsutsa kwachitatu ndiko kolemera: thumba m'manja mwa munthu wosaphunzitsidwa limangopatsa mtima wabodza. Izi n'zoona ndithu, ndipo yankho lake si kusiya thumba koma kuphunzitsa munthu. Masiku awiri ndi okwanira kuti mlangizi adziwe kupima kavalo, kumanga mwendo, kukulunga chiboda, kuletsa magazi ndi kusamala munthu wovulala khosi. Aphunzirenso kudziteteza, chifukwa kavalo womva ululu amaponda ndi kuluma ngakhale mwini wake: wina agwire mutu, wothandizayo aime pambali pafupi ndi thupi, osati kumbuyo, ndipo awerame osagwada kuti athe kudumpha. Munthu ndiye ayambe kuthandizidwa, chiweto pambuyo.

Kumene akavalo ndi ochepa

M'zigwa zambiri za Malawi, Zambia ndi Mozambique akavalo sanachulukepo, makamaka chifukwa cha kashembe ndi mliri watchulidwa uja, ngakhale kuti pamalo okwera monga Nyika ndi phiri la Zomba alendo anayendapo maulendo a pakavalo. Komabe alangizi a m'maiko amenewa, pamodzi ndi a ku Zimbabwe ndi Botswana, amakumana ndi abulu okoka ngolo, ndipo pafupifupi zonse zanenedwa pano zimakhudzanso bulu. Kusiyana kwake n'kwakuti thupi la bulu limatentha pang'ono kuchepera pa la kavalo, pafupifupi madigiri 37, ndipo bulu amabisa ululu. Sagubuduzika ngati kavalo. Amangoima duu, makutu ali pansi, osadya. Bulu amene waleka kudya ndi wodwala kwambiri kufikira dokotala atanena kuti sali choncho. Thumba lomwelo, litapachikidwa pangolo, lingapulumutse bulu ndi mnyamata woyendetsa ngoloyo.

Zoyenera kuchitika

Maofesi a ulangizi amene antchito ake amayenda pakavalo kapena pangolo ya abulu achite zinthu zinayi. Choyamba, matumba awiriwa alembedwe m'kaundula wa katundu wa ofesi monga momwe amalembera sikelo ndi tepi yoyezera munda, ndipo pakhale munthu mmodzi wowayang'anira, wobwezeretsa zimene zagwiritsidwa ntchito ndi kutaya zimene zapitirira tsiku lake. Chachiwiri, maphunziro a chithandizo choyamba cha munthu ndi cha chiweto aphatikizidwe, aphunzitsi a zaumoyo ndi a ziweto akhale m'chipinda chimodzi, poti panjira odwala awiriwa amagwa pamodzi. Chachitatu, kavalo wobwerekedwa akhale wolandira katemera wa kafumbata ndi wa mliri wa akavalo, ndipo mtengo wake ulowe m'ndalama za ulendo. Chachinayi, wonyamuka aliyense asiye mawu a njira imene adzere ndi nthawi imene akuyembekezeka kufika, chifukwa m'zigwa zakuya foni siigwira, ndipo wovulala amapezedwa msanga ngati pali wina wodziwa kumene angayambire kufunafuna.

Ofesi imene imafunsa mlangizi lipoti la ulendo ili ndi udindo wofunsanso, iye asananyamuke, ngati kathumba kali m'chiuno, ngati thumba lili pachishalo, ndiponso ngati kavalo wapimidwa m'mawa umenewo.